Zotsala pa Nyumba Yathu ya Malata

Nyumba yathu inagulitsidwa Lachiwiri m'mawa, chiperoni chitakuta phiri lonse. Ine ndinaima kutsidya kwa msewu pansi pa bulugamu, mwana wamng'ono ali kumsana, wamkulu atandigwira nsalu. Amuna anga panalibe. Anali atachoka masiku atatu m'mbuyomo, akuti akupita ku Limbe kukafuna munthu wowabwereka ndalama, ndipo sanabwerere.

Tonse awiri tinakulira m'malaini a pa esiteti, makolo athu atawoloka kuchokera kwa Apwitikizi. Ine ndinayamba kutchola tiyi mabere asanamere. Iwo anali ndi dzanja la singano. Anaphunzira utelala kwa mmwenye wina wa sitolo pafupi ndi Boma la Thyolo, nakhala pakhonde pake zaka zambiri akupalasa makina ake. Atasunga pang'ono anapempha malo m'mbali mwa msewu, kunja kwa malire a esiteti, kuti tichoke m'thangata. Madzi oumbira njerwa ndinatunga ndine, mtsuko ndi mtsuko kuchokera kukhwawa, ndipo dothi ndinaponda ndine ndili ndi pakati. Koma malata, zitseko, mawindo awiri a galasi ndi nsalu zoyambira malonda tinatenga pa ngongole kwa mmwenye yemweyo. Amuna anga anasaina pepala loika nyumbayo chikole.

Zaka ziwiri zinayenda bwino. Kenaka azungu anati tiyi wagwa mtengo kwawo, anthu ambiri anachotsedwa ntchito, dzombe nalo linadya minda. Munthu wopanda chakudya sasoketsa malaya. Amene ankabwera pakhonde pathu ankangofuna chigamba, nalipira ndi makaka kapena mbale ya nandolo. Mmwenye anadikira, anatumiza mawu, anadzatenga makina ake, potsiriza anakasuma. Khoti linagamula kuti nyumba igulitsidwe kuti ngongole ibwezedwe. Ngongoleyo ndinkaidziwa ngati dzina la mwana wanga: mapaundi khumi ndi asanu ndi limodzi.

Tsiku logulitsalo mesenjala anaimba belu, mzungu wa ku Boma anaima pakhonde langa ndi kanyundo, womasulira ali pambali pake. Anthu anadzaza msewu, ambiri odzangoonerera. Ogula enieni anali awiri: kapitawo wamkulu wa pa esiteti yathu yakale, ndi bambo wina wa ngolo za ng'ombe. Awiriwa anali pa chidani chifukwa cha mlandu wa ukwati wa ana awo, ndiye wina akatchula mtengo, mnzake ankakweza, osati poifuna nyumbayo kwenikweni koma kuti mnzake asaseke. Ine kuwerenga kalata sindinkadziwa, koma manambala ndinawaphunzira pa sikelo ya tiyi, pamene munthu ukagona amakudya. Ndinamva womasulira akudutsa pa khumi ndi asanu ndi limodzi. Anapitirira. Kanyundo kanagwa pa makumi awiri ndi atatu, nyumba inapita kwa kapitawo.

Anthu anabalalika. Palibe amene ananena kanthu za asanu ndi awiri apamwambawo.

Ndinasamukira kwa achemwali anga m'malaini, chipinda chimodzi anthu asanu ndi atatu. Pa esiteti salola munthu wamkulu kugona m'laini osagwira ntchito, choncho ndinatenganso dengu lotcholera tiyi ndi tikiti yodulapo masiku a ntchito. Manja ankatchola okha, masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga, koma mutu unali pa mapaundi aja. Ndikakhala pansi kuti ndidye ndinkadzukanso. Ndinkachapa nsalu zochapa kale. Achemwali anafika potopa nane.

"Khalani pansi inu, mukundizunguza mutu," anatero tsiku lina tikusenda chinangwa.

"Achemwali, ngati ngongole inali khumi ndi asanu ndi limodzi, enawo apita kuti?"

Alamu anga, amene ankasula mpeni pakhomo, anayankha osatembenuka. "Madzi akatayika saoleka, mlamu. Mukapita kumeneko akakufunsani kumene kuli amuna anu, akakufunsani za msonkho, mubwerako ndi mlandu wina. Zisiyeni."

Ndinazisiya masiku anayi. Lachisanu ndinabereka mwana kumsana, ndinalola kuti tikiti yanga isadulidwe tsiku limenelo, ndinauyamba ulendo wa ku Boma. Njira yake inkadutsa pa nyumba ija. Ndinapeza mkazi wa kapitawo atayanika ufa pa khonde. Ndinamupatsa moni, anayankha bwinobwino, ndinapitirira.

Ku Boma ndinakhala pa benchi mpaka dzuwa kufika pamutu. Amene anandiitana anali kalaliki wachikulire wa magalasi omanga ndi ulusi. Anandimvetsera mpaka kumapeto, natsegula buku lalikulu, nayendetsa chala.

"Mwawerenga bwino, mayi," anatero. "Zotsala zilipo. Tachotsapo za khoti ndi za wogulitsa uja. Zatsala mapaundi asanu ndi masheleni asanu ndi atatu. Tinakhoma chidziwitso panja apo."

Pepala limenelo ndinali nditakhala pansi pake m'mawa wonse.

Ndinatambasula manja awiri. Iye anapukusa mutu.

"Si zanu, mayi. Ndi za amene dzina lake lili pa nyumba. Abwere okha adzasaine, kapena atumize kalata yosainidwa pamaso pa bwana wa Boma kapena mbusa wa kumene ali."

"Bambo, njerwa zimenezo ndinaponda ndine."

"Sindikukana. Koma buku silinalembe mapazi anu." Sananene monyoza, ananena ngati munthu amene wanena mawu omwewo kwa akazi ambiri. "Ali kuti amuna anu?"

"Sindikudziwa."

"Afuneni. Ndalama zikakhalitsa popanda mwini zimalowa m'thumba la boma, ndipo kuzitulutsa kumeneko ndi mlandu wautali."

"Zikakhalitsa bwanji?"

"Musachedwe," anatero, natseka buku.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasanduka munthu wofunsa. Ndinafunsa oyendetsa malole a tiyi opita ku Limbe. Ndinafunsa ku tchalitchi, pa chigayo cha esiteti, kwa amayi ogulitsa nyemba za kalongonda pa tsiku la malipiro. Wina anati anawaona pa siteshoni ya Luchenza. Wina anati ali ku Halale, akusoka mayunifolomu a asilikali. Wina anati anamira mumtsinje wa Ruo. Aliyense ankanena motsimikiza. Ndinapitanso ku Boma kawiri popanda chatsopano, kungofuna kumva kuti ndalamazo zikadalipo. Kalaliki uja akandiona pakhomo ankangokweza dzanja, kutanthauza kuti zilipo, ine n'kubwerera. Masiku osadulidwa pa tikiti yanga anachuluka, kapitawo wa gulu lathu anandichenjeza kuti ndikajombanso andilanda dengu.

Nkhani ya ndalama siyenda yokha, imakoka anthu. Lamlungu lina titachoka ku tchalitchi ndinapeza amalume awo a amuna anga atakhala pa mpando wa alamu. Anali ochokera ku Chimaliro, munthu wa mawu ofewa, amene pa ukwati wathu ndiwo anali ankhoswe. Ndinagwada, ndinawalonjera. Anafunsa za ana, za mvula, za miyendo yanga. Kenaka anatsitsa mawu.

"Ndinapita ku Boma, apongozi. Ndinawauza kuti mwanayo ndi wa mlongo wanga, mwini wake ndine. Andikaniza."

"Inenso anandikaniza."

"Ndiye tamverani. Munthu amene wapita osatsanzika, osatumiza ndi kalata yomwe, amasiyana bwanji ndi wakufa? Inu mkazi wake, ine malume wake, tikanena mawu amodzi kuti mwanayu anatisiya, afumu n'kuikapo umboni, ndalama zituluka. Tigawana pakati. Ana awa adye."

Sindinama, mawuwo analowa. Mwana wamng'ono anali ndi zilonda za m'kamwa, wamkulu nsalu yake inali itatha kumatako. Ndinayang'ana pansi, ndipo poyang'ana pansipo maso anga anagwera pa bondo la buluku la amalumewo. Panali chigamba chatsopano, ulusi wake usanade. Chinali chosoka pamanja, koma pa ngodya iliyonse singano inabwerera kawiri n'kupanga kamtanda. Ndinakhala zaka zisanu ndi zitatu ndikuona kamtanda kameneko pa zovala za anthu a dera lonse. Palibe telala wina ankatero koma amuna anga okha.

"Ndiganize kaye, amalume," ndinatero.

Atachoka ndinalowa m'nyumba, ndinatuluka, ndinalowanso. Achemwali anandifunsa chimene chandiluma. Ndinawauza kuti amuna anga ali moyo, ali pafupi, ndipo sabata yomwe ino anagwira singano.

Lamlungu lotsatira ndinasiya ana, ndinapita ku Chimaliro. Ndinadziwa kuti amalume akhala ali ku mapemphero, ndiye ndinalunjika kumunda kumene akazi awo ankathyola nandolo. Nditawafunsa za amuna anga, poyamba anakana. Ndinawathandiza kuthyola mzere wonse. Titafika kumapeto anaika dengu pansi.

"Musanene kuti ndine," anatero. "Anagona kwathu mwezi wathunthu, m'khitchini. Tsopano ali pa kaesiteti kaja ka kuseri kwa phiri, akudula nkhuni za fakitale. Analembetsa dzina lina. Bambo a kunowa amapitako pa malipiro."

"Amuna angawo za ndalama za ku Boma akudziwa?"

Anandiyang'ana, natolanso dengu lawo. Yankho ndinalimva.

Ndinafika pa kaesiteti kaja Lolemba masana, tikiti yanga itajombanso. Odula nkhuni anali m'nkhalango ya bulugamu kumtunda kwa fakitale. Ndinawazindikira ndi msana. Anali ataonda, atavala chiguduli chobowola pakhosi, munthu amene kale sankatuluka panja kolala isanasitidwe. Atandiona nkhwangwa inawagwa m'manja. Anayang'ana kumbuyo kwanga, kuona ngati ndabwera ndi mesenjala.

"Ndili ndekha," ndinatero.

Tinakhala pa chipika. Manja awo anali matuza okhaokha, ena ophulika. Ndinali nditakonza mawu ambiri m'njira monse, ena otukwana, koma nditaona manjawo anandithawa.

"Ana ali bwanji?" anafunsa.

"Ali moyo. Mukufunika ku Boma."

Anaimirira. "Mwabwera kudzandipereka? Amalume anandiuza zonse. Nyumba sinakwane ngongole, mmwenye akufuna zotsala, akandigwira ndi ndende."

"Amalume anu anakuuzani choncho?"

"Iwo amafika ku Boma. Ndimawapatsa pang'ono pa malipiro kuti azikapereka."

Ndinatola miyala. Ndinaika khumi ndi isanu ndi umodzi pa chipika, ndinati iyi ndi ngongole. Ndinaika ina isanu ndi iwiri pambali. Ndinawafotokozera za kapitawo ndi bambo wa ngolo, mmene anakwezerana mtengo ngati atambala. Ndinachotsa iwiri, ndinati iyi yadyedwa ndi khoti, mwina kutsala nyenyeswa. Isanu yotsalayo ndinaikankhira kwa iwo.

"Izi ndi zanu. Zili m'buku. Ine andikaniza, amalume anu awakaniza. Amalume anuwo anabwera kwa ine kuti tikanene kuti munafa."

Anayang'ana miyalayo nthawi yaitali. Ndinkayembekeza kuti akalipa, kapena alira. Iwo anangofunsa kuti, "Ndiye wagula ndi kapitawo?"

"Eya."

"Amakhala pakhonde paja?"

"Amakhala. Anaikapo mpando wa ndalema."

Anakhalanso pansi, nabisa nkhope m'manja otupawo. Kapitawo wa odula nkhuni anayamba kukuwa kumtunda. Amuna anga anati tikiti yawo yatsala masiku asanu ndi anayi, akaisiya pakati ataya malipiro onse, ndipo ikatha adzabwera Lachinayi lake. Ndinawalumbiritsa pa ana awo.

Masiku amenewo ndi amene anandivuta kuposa onse. Kale ndinkafuna munthu wosadziwika kumene ali, tsopano ndinkadziwa kumene ali koma sindikanatha kumukoka ndi chingwe. Ndinkaopa kuti amalume amva n'kukawaopsezanso. Ndinkaopa kuti athawira kutali. Ndinkatchola tiyi maso ali kumsewu, mpaka wa pa sikelo anandibwezera dengu kawiri chifukwa cha masamba okhwima. Lachinayi lija ndinakafika ku Boma ofesi isanatsegulidwe. Ndinakhala pa benchi, ndinaimirira, ndinapita pa mphambano, ndinabwerera. Aliyense wotulukira pa kona ankaoneka ngati iwo. Ofesi inatsekedwa. Kalaliki potuluka anandiyang'ana, anakwera njinga yake.

Pobwerera kapitawo wa gulu anandilanda dengu monga ananenera. Achemwali anakamugwadira kuti ndigoneko m'laini mpaka mwezi uthe.

Loweruka m'mawa ndikusesa pakhomo ndinaona munthu ataima kuseri kwa nthochi. Anali amuna anga, atavala jekete lobwereka, lalikulu m'mapewa.

"Lachinayi ndinafika mpaka pa mlatho," anatero. "Njira ija imadutsa pa nyumba. Ndinalephera."

Ndinamanga nsalu, ndinawatsogolera njira ina, yodutsa m'minda ya tiyi ndi kukhwawa, yotalika kawiri. Loweruka ofesi inkatsekedwa masana, ndiye tinkachita ngati kuthamanga, mame atatinyowetsa mpaka m'chiuno. Iwo ankatsalira, ine ndinkaima, ndinkawadikira, osawalola kuti akhale kumbuyo kwenikweni.

Kalaliki atationa anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso.

"Ndi amenewa?"

"Ndi amenewa, bambo."

Anawafunsa dzina, dzina la bambo awo, mudzi wolembetsa msonkho. Anaitana mesenjala wina amene ankawadziwa kuyambira pa khonde la mmwenye kuti achitire umboni. Anatiuza kuti msonkho wa zaka ziwiri sunaperekedwe ndipo auchotsa pomwepo. Amuna anga anagwira cholembera ndi zala zotupa, nalemba dzina lawo pang'onopang'ono, lopindika ngati la mwana wa sukulu. Bwana anasaina m'chipinda chamkati, ife osamuona. Kenaka kalaliki anawerengera ndalama pa tebulo, mapaundi anayi ndi masheleni khumi ndi asanu ndi limodzi. Palibe anatchula za ndende.

Tinatuluka, tinakhala pansi pa mtengo kuseri kwa ofesi. Ine ndinali nditayamba kale kuyala maganizo: makina akale ogula kwa telala wina wa ku Luchenza, kubwereka khonde la munthu, kuyambiranso. Iwo anamvetsera, kenaka anatenga paundi imodzi naika m'thumba la jekete. Zotsalazo anazikulunga m'kansalu, naziika pamwendo panga.

"Ine kuno sindikhala," anatero. "Aliyense amene ndinamusokera malaya anaima pamsewu paja tsiku lija. Ndikwera sitima."

"Munalipo inu tsiku limenelo? Amene anaima pamenepo anthu akumuyang'ana ndine. Ndipo ndikadali konkuno."

"Inu ndinu olimba."

"Sindine wolimba. Ndinalibe kothawira ndi ana awiri."

Tinakangana mpaka mthunzi unasuntha. Ndinalira, ndinawagwira jekete, ndinawakumbutsa malumbiro a ku tchalitchi. Iwo ankangoti akapeza makina awoawo adzabwera. Anapita nane kumalaini kukaona ana, anadya, Lolemba analawira ku siteshoni. Kwa amalume awo sanapiteko, ndipo amalumewo sanapondenso pakhomo panga.

Ine mwezi utatha ndinanyamula ana kupita kwa Mphuka, kumene abale a amayi anga anali atapatsidwa malo. Ndinalipira anthu ondimangira nyumba ya udzu, ndinagula makasu awiri, mbuzi ziwiri ndi mbewu. Ndinayamba kuphika kalongonda ndi kuyanika makaka, n'kumakagulitsa kumaesiteti pa masiku a malipiro, mtunda wautali katundu ali pamutu. Wamkulu ndinamulowetsa sukulu ya mishoni, ndipo ndi iye amene pambuyo pake anandiphunzitsa zilembo, ine ndili kale ndi imvi.

Makalata anabwera awiri, mu imodzi munali masheleni khumi. Kenaka zii. Anthu a ku tchalitchi anayamba kunditchula mkazi wa mtchona, ndipo bambo wina wamasiye anatumiza mawu kawiri. Ndinakana, osati chifukwa cha chikondi chokha. Ndinkangoona kuti nkhani yathu sinathe, ngati mlandu woimitsidwa.

Anabwera patapita zaka zisanu ndi chimodzi, nthawi yokolola nandolo, atasenzetsa munthu bokosi la makina. Ankatsokomola. Mwana wamng'ono anathawira kuseri kwa nkhokwe, ndinachita kumuuza kuti awa ndi bambo ako. Ndinawapatsa madzi osamba, ndinapha nkhuku. M'mawa mwake anayang'ana uku ndi uku pabwalo, nafunsa kuti makinawo aike pati. Ndinawalozera pansi pa mtengo wa mango, pamene pamadutsa njira ya kumsika, ndinatenga khasu langa n'kupita kumunda.